Nyali za ku Chongoni

Nthawi ya phunziro loyamba itakwana, nyali ya pakati pa holo inayaka yokha. Sinali nyali yowunikira mumdima. Kanali kachipangizo kozungulira, kakakulu ngati chikho, kokhazikidwa pamwamba pa mzati wachitsulo, ndipo kakayaka kankatulutsa anthu. Poyamba pamipando pankaoneka ngati nkhungu, kenaka mapewa, kenaka nkhope, mpaka holo yonse ya dipatimenti ya makompyuta pa Yunivesite ya Chongoni inkadzaza ndi ophunzira opangidwa ndi kuwala. Aliyense wa iwo anali kwawo. Wina anali pakhonde ku Chitipa, wina m'golosale ya amalume ake ku Nsanje, wina m'kachipinda ka lendi ku Ndirande. Aliyense anali ndi nyali yakeyake yaing'ono, imene inkajambula thupi lake ndi mawu ake n'kuzitumiza ku Chongoni, n'kumubweretseranso holoyo, mphunzitsi ndi anzake pomwe wakhalapo.

A Yotamu Kalilangwe anakhala kumbuyo, pampando wawo wa masiku onse, atavala jekete lochindikala chifukwa cha chisanu cha ku Dedza. M'holo monsemo matupi ofunda anali awiri okha, lawo ndi la mphunzitsi. Mtsikana wa kuwala amene anakhala pafupi nawo anagwetsa cholembera, ndipo iwo anawerama kuti amutolere. Zala zawo zinangokhudza simenti yozizira. Mtsikanayo anatola yekha cholemberacho padothi la kwawo, osadziwa kuti wina anafuna kumuthandiza, chifukwa nyali inkaonetsa okhawo amene analembedwa m'kalasi.

A Kalilangwe sanali munthu wa sukulu zapamwamba. Analemera ndi tindege topanda woyendetsa, timene tinkauluka pamwamba pa minda ya mbatatesi ndi nyemba kuyambira ku Bembeke mpaka ku Lizulu, kupopera mankhwala ndi kuuza alimi pamene nthaka yaguga. Wa sukulu anali mkazi wawo, mayi Esinati, amene anaphunzitsa m'dipatimenti imeneyi moyo wawo wonse. Awiriwa analibe mwana, koma nyumba yawo sinkakhala zii. Lamulungu lililonse ophunzira ankadzaza pabalaza, ena pansi, ena atatsamira mawindo, kukangana za makina mpaka tiyi kuzizira. A Kalilangwe ankakhala kukhitchini akukazinga tchipisi, akumvetsera mikangano imene sankaimvetsa, ndipo zimenezo zinkawakwanira.

Mayi Esinati atamwalira, ophunzira anabwera kumaliro, anabweranso kangapo kudzawazonda, kenaka anasiya. Palibe amene analakwa, zinangotha. A Kalilangwe anayesetsa kuzolowera nyumba yopanda phokoso koma zinawakanika. Mapeto ake anagulitsa kampani, nyumba ndi minda, n'kupereka zonse ku dipatimenti ya mkazi wawo.

Sinali mphatso yongodya n'kutha. A zamalamulo anaitcha thumba losatha. Chuma chenichenicho sichinkakhudzidwa. Chinkaikidwa m'malonda osiyanasiyana kuti chizibereka, ndipo dipatimenti inkagwiritsa ntchito phindu lokha, chaka ndi chaka, ndipo zinayenera kupitirira choncho ngakhale woperekayo atafa kalekale. Woyang'anira thumbalo anali Msungi, kompyuta yoganiza ndi kulankhula, yopanda thupi, imene mawu ake ankachokera m'makoma a nyumba ya dipatimentiyo. Msungi sankatopa ndipo sankaiwala zofuna za mwini mphatso. Zofunazo zinali ziwiri. Choyamba chinali chakuti mwana wanzeru asalephere kuphunzira za makompyuta chifukwa choti kwawo n'kutali kapena n'kosauka. Chachiwiri chinali chakuti a Kalilangwe apatsidwe kachipinda pafupi ndi masitepe, azikhala momwemo mpaka imfa, azimva mapazi a ana akukwera ndi kutsika.

Ana a alongo awo, amene ankayembekezera chumacho, anasiya kuwalankhula kuyambira pamenepo. A Kalilangwe sanadandaule kwambiri. Zaka zoyambirira zinali zokoma. Ophunzira ankagogoda pachitseko chawo popanda chifukwa chenicheni, kudzabwereka ketulo, kudzabisala mvula, kudzadandaula za mayeso kapena za chibwenzi chimene chatha. Onse ankawatcha agogo. Ndipo pamene phindu la thumba lija linabala nyali yoyamba, iwo ndi amene anayamba kuwomba m'manja. Anaona mnyamata wa ku Nthalire, amene sakanakwanitsa ulendo wa ku Dedza, akutulukira pampando n'kuyang'ana uku ndi uku kukamwa kuli yasa, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo.

Sanaganize kuti amene akanakwanitsa ulendowo nawonso adzasankha kukhala kwawo. Chaka chilichonse mapazi a pamasitepe ankachepa. Patapita nthawi, amene ankabwerabe ndi thupi lawo anali a chaka chomaliza ndi ochita kafukufuku okha, chifukwa iwo ankayenera kumanga ndi kukonza makina ndi manja, ndipo kuwala sikungagwire sipanala. Anali ochepa, koma ankaseka, ankatsokomola, ankasiya matope pakhomo.

Mmodzi mwa anthu otsalawo anali Mwandida Chathyoka, mayi wa ana awiri wochokera ku Phalombe, amene ankachita kafukufuku wa digiri yapamwamba. Ana ake anawasiya ndi amayi ake kumudzi. Masana aliwonse ankakwera kuchokera kuchipinda chake chogwirira ntchito, chimene chinali pansi, kudzamwa tiyi kwa agogo. Sankalankhula zambiri. Ankavula nsapato, n'kupinda miyendo pampando, n'kumafunditsa zala pakapu. A Kalilangwe ankayamba kuwiritsa madzi dzuwa lisanafike pamutu, ndipo Mwandida akachedwa kubwera, iwo ankatsegula chitseko n'kumasuzumira.

Tsiku lina Mwandida anabwera akumwetulira, atanyamula magolovesi awiri opyapyala kwambiri, otuwa ngati phulusa.

"Tavalani, agogo, ndipo mutsinzine."

Anavala n'kutsinzina. Mwadzidzidzi anamva kanthu kozizira pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kachitsulo kakang'ono kokhala ndi timizere tozungulira. Anakapotoza, kanapotoka. Atatsegula maso anapeza kuti m'manja mwawo mulibe kanthu.

Mwandida anawafotokozera kuti m'chipinda chake pansi paja muli manja awiri achitsulo. Chilichonse chimene wovala magolovesi achita, manjawo amachitanso, ndipo chilichonse chimene manjawo akhudza, wovalayo amachimva, kulemera kwake, kutentha kwake, ngakhale kukhakhala kwake. Iye anawatcha manja akutali. A Kalilangwe anatsinzinanso n'kupapasa tebulo limene silinali patsogolo pawo, n'kupeza waya, n'kupeza kapu imene Mwandida anaiwala m'mawa, ikadali ndi tiyi wozizira. Anaseka ngati mwana. Kenaka kusekako kunazilala.

"Ndiye kuti munthu atha kumanga makina kuno ali ku Phalombe?"

"Ali paliponse, agogo."

"Nanga kuno kuzibwera ndani?"

Mwandida anayang'ana pansi n'kuyamba kupinda magolovesi aja.

Sipanatenge nthawi, kunabwera Pulofesa Nelia Sambakunsi, mkulu wa dipatimenti. Iyeyu anali mmodzi mwa ana amene ankakhala pansi pabalaza masiku a mayi Esinati, ndipo ngakhale tsitsi lake linali litayamba imvi, akakhala awiri a Kalilangwe ankamuitanabe ndi dzina. Nelia anafotokoza kuti dipatimenti ikufuna kupanga manja akutali okwanira ophunzira onse a chaka chomaliza. Ntchitoyo inali yaikulu, yotenga phindu la zaka zingapo nthawi imodzi, ndipo malamulo a thumba ankati ntchito yotere singayambe popanda chilolezo cha mwini mphatso ngati akadali moyo.

A Kalilangwe anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu.

"Iwe Nelia, unkadya m'nyumba mwanga. Ukudziwa chimene ndinagulitsira zonse."

"Ndikudziwa, bambo. Komatu munanenanso kuti mwana wa kutali asatsale."

"Ndinapempha zinthu ziwiri."

"Ziwirizo zayamba kulimbana, bambo, ndipo ine sindingakusankhireni."

Nelia atatuluka, Msungi anafunsa kuchokera m'khoma ngati alengeze ku dipatimenti kuti pempholo lakanidwa. A Kalilangwe anamuuza kuti adikire kaye. Anadikira mpaka nyengo yozizira inatha, mitengo ya paini itayamba kununkha dzuwa. Palibe amene anawakakamiza. Akadutsa, ophunzira ankawapatsabe moni mwaulemu, ndipo Mwandida ankabwerabe kudzamwa tiyi, osatchulako za magolovesi ngakhale kamodzi. Kukhala chete kwakeko kunkawapweteka kuposa mmene mawu akanawapwetekera. Mumtima ankadziwa kuti akugwira ana a eni pamwendo kuti iwo asakhale okha, komabe ankadziuza kuti sukulu yopanda anthu si sukulu, ndipo mwina pamenepa sankanama.

M'mawa wina Mwandida anagogoda nthawi imene sankagogoda. Anali ndi chikwama kumsana ndi china m'manja. Amayi ake anali atagwa kudimba, mbali imodzi ya thupi inali itauma, ndipo ana anali kwa anansi. Anati akupita ndipo sakudziwa ngati adzabwerere. Kafukufuku wake ankafunika kuti akhale pafupi ndi makina, ndiye watha pomwepo. Sanalankhule mowaimba mlandu. Anangowonjezera kuti si iye woyamba, ambiri amaphunzira ndi nyali zaka zonse n'kulephera kubwera chaka chomaliza, wina chifukwa cha khanda, wina chifukwa cha munda, wina chifukwa cha wodwala, ndipo agogo sanawaonepo chifukwa anthu oterowo safika n'komwe pamasitepe.

A Kalilangwe anamuperekeza mpaka pageti, akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anaima pomwepo mpaka basi yamagetsi inakhota kuseri kwa phiri. Pobwerera anamvetsa chinthu chimene ankachikana nthawi yonseyi. Kukana kwawo sikunasunge Mwandida. Anapita ndithu, ndipo anapita chimanjamanja.

Atafika m'kachipinda kawo sanakhale pansi. Anaika chikhatho pakhoma, pamalo pamene Msungi ankazindikirira mwini wake.

"Uwauze ayambe," anatero. "Ndipo magolovesi oyamba apite ku Phalombe."

Ntchito inayenda bwino kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Mwandida anamaliza digiri yake atakhala pamphasa pambali pa amayi ake. Ophunzira amene anasiyira panjira anabwerera ambirimbiri, ena ali ndi ana akuluakulu. Nyuzipepala zinalemba za Chongoni, ndipo maiko oyandikana nawo anatumiza nthumwi kudzaona. A Kalilangwe ankatsikira kuchipinda cha makina n'kumaona mizere ya manja achitsulo ikugwira ntchito yokha, zala zikuthamanga, zikumanga, zikumasula. Nthawi zina dzanja limodzi linkaima n'kumakanda m'malere, ndipo iwo ankadziwa kuti kwinakwake munthu wamva kuyabwa pamutu. Ankamwetulira, koma panalibe womuuza.

Nyumba zogona ophunzira zinatsekedwa. Amayi amene ankagulitsa mandasi ndi nthochi pageti anasamukira kumsewu waukulu, ndipo anyamata a kabaza anawatsatira. Msika umene unakula pamodzi ndi yunivesite unasanduka mizere ya timashedi topanda malata. Popeza ophunzira a nyali ankachulukirachulukira, panafunika makompyuta akuluakulu ambiri onyamula mawu ndi zithunzi zawo, ndipo malo anapezeka m'makalasi opanda anthu aja. Makompyutawo ankafuna kuzizira, choncho mawindo anamatidwa ndipo mphepo yozizira inkapopedwa m'makonde usana wonse. Kachipinda ka pafupi ndi masitepe kokha ndi kamene sikanakhudzidwe, chifukwa Msungi sakanalola kuti chofuna chachiwiri chija chiphwanyidwe. Anakaikira chotenthetsera, ndipo kangolo koyenda kokha kankabweretsa chakudya pa nthawi yake.

Aphunzitsi nawonso anayamba kuphunzitsira kwawo. Womaliza kuchoka anali Nelia, amene amuna ake ndi adzukulu ake anali ku Mzuzu. Anabwera kudzatsazika ndipo anawachonderera kuti apitire limodzi, kunyumba kwake kuli chipinda, kuli ana, kuli phokoso lokwanira. A Kalilangwe anatsala pang'ono kuvomera. Koma anaganiza za ukalamba wawo, za kukhala katundu m'nyumba ya munthu amene si mwana wawo, ndipo anayankha kuti mayi Esinati anagona kumanda a pafupi pomwepa, sangawasiye okha. Nelia analira, analonjeza kuti aziimba lamya pafupipafupi, ndipo poyamba ankaimbadi. Mwandida nayenso ankaimba, koma tsopano anali ndi ophunzira akeake, wodwala ndi ana, ndipo mawu ake ankamveka a munthu amene waimirira kale kuti azipita.

M'mawa uliwonse a Kalilangwe ankafunsa Msungi ngati kwabwera munthu. Msungi ankayankha kuti ayi, kenaka ankawonjezera kuti ophunzira achuluka kuposa chaka chatha ndipo thumba likubereka bwino. Ankanena zimenezi pofuna kuwasangalatsa. Tsiku lina, ataona kuti nkhalambayo yasiya kumaliza chakudya, Msungi anapereka ganizo. Anati ngati Pulofesa angawalembe m'kalasi ngati mlendo, nyali ya m'holo idzayamba kuwaonetsa kwa ophunzira, ndipo adzatha kucheza nawo phunziro lisanayambe.

Nelia anavomera ndi chimwemwe, n'kudzidzudzula kuti sanaganizire zimenezi kale. Anagwirizana kuti ayambe tsiku lotsegulira chaka chatsopano cha maphunziro.

Panali chinthu chimodzi chimene palibe anachikumbukira. Manja akutali atatchuka, akuluakulu a yunivesite anafuna kulemekeza mwini thumba. Anasonkhanitsa zithunzi ndi mawu awo akale n'kupanga Kalilangwe wa kuwala, wovala tayi, womwetulira. Wophunzira aliyense akayatsa nyali yake, nkhalamba ya kuwalayo inkatulukira patsogolo pake, n'kumupatsa moni, n'kumufunira maphunziro abwino. A Kalilangwe anauzidwa za ulemu umenewu pa nthawiyo, anagwedeza mutu osamvetsa bwino, n'kuiwala. Ophunzira ankauona moniwo tsiku lililonse, ndipo anali atazolowera kuuchotsa pokupiza dzanja kumanzere kuti phunziro liyambe msanga.

Tsiku lotsegulira, a Kalilangwe anadzuka molawirira. Anameta ndevu, anavala malaya oyera ndi tayi, anapukuta nsapato. Anawiritsanso madzi m'ketulo, kenaka anadziseka okha n'kuzimitsa. Anakakhala pamzere wakutsogolo.

Nyali inayaka. Nkhungu inasanduka mapewa, mapewa anamera nkhope, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri maso a ophunzira anaima pa iwo. Anaimirira n'kuyandikira anyamata awiri amene ankacheza kumapeto kwa mzere.

"Mwadzuka bwanji, ana anga? Ine ndine Kalilangwe. Kwanu n'kuti?"

Mmodzi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kutembenukira kwa mnzake.

"Aise, taona, chaka chino amukonza. Amukalambitsa, ndipo akufunsa mafunso."

"Ayi, mwana wanga, ndine ndemwe. Ndili m'holo muno, ku Chongoni. Ndili moyo."

Atangotero anatsokomola. Anyamatawo anaseka mosangalala, osati mwachipongwe, n'kuyamikira luso la amene anapanga ngakhale chifuwa. Kenaka woyamba uja anakupiza dzanja kumanzere, ndipo maso ake anadutsa mwa a Kalilangwe ngati mmene munthu amayang'anira pawindo. Mnzakeyo anachitanso chimodzimodzi.

Anayesa kwa mtsikana wa mzere wachiwiri. Iye anati zikomo agogo, mwachizolowezi, maso ali pa buku, n'kukupiza dzanja. Anayesa kwa mayi wina amene anabereka mwana kumbuyo. Anayenda mzere ndi mzere, ndipo kulikonse kumene anafika manja ankakwera n'kuwachotsa, mofatsa, popanda mkwiyo. Pamene Nelia ankatulukira kutsogolo kuchokera ku Mzuzu kuti awalandire pamaso pa onse, m'holomo munalibenso wophunzira amene akanawaona. Iye yekha ndi amene anawaona ataima pakati pa mipando, tayi itapendekeka. Anatsegula pakamwa kuti afotokozere kalasi, koma iwo anakweza dzanja n'kupukusa mutu.

"Phunzitsa ana, Nelia. Nthawi yawo ikutha."

Anabwerera pang'onopang'ono kudzera m'khonde lozizira, makompyuta akulira mbali zonse ngati njuchi. Atafika m'kachipinda kawo, Msungi anapepesa. Anati vutoli n'losavuta kukonza, angathe kuchotsa Kalilangwe wa kuwala uja, kapena kuuza ophunzira onse kuti amene anamuchotsa lero anali munthu weniweni. A Kalilangwe anamasula tayi n'kuipinda bwinobwino. Anaganiza za anyamata aja akumva uthengawo, manyazi amene angawagwire, moni wokakamizika umene ungatsatire mawa lake. Anauza Msungi kuti asiye zonse mmene zilili. Wa kuwalayo azimwetulirabe, sakalamba, ndipo sizimupweteka.

Anakhala pabedi n'kuyang'ana chitseko chimene anachisiya chotsegula. Nkhope yawo inkalowa m'nyumba zikwizikwi m'mawa uliwonse, koma iwo eni ake analibe khomo loti n'kugogodapo.